NetGuard yandisungira bandulo, koma ndinatsala pang'ono kudana nayo ndi amayi

Papita miyezi 8 chiikireni NetGuard pa foni yanga, ndipo pafupifupi sabata iliyonse pamapezeka kasitomala pa kashopu kanga ka fotokope ndi kusindikiza yemwe amaona kakiyi kali pamwamba pa sikirini nkuyamba kuti aise imeneyo ndi VPN ya neti yaulere eti, tandiponyere. Nde ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndati ndingolemba zonse pamodzi, zabwino zake komanso mmene ndinadzizunguzira nayo mutu, chifukwa kunena zoona app imeneyi ndimaikonda koma sindingauze munthu kuti ingoika basi osamufotokozera pomwe pali maenje.

Poyamba ndichotse kaye nkhani ya neti yaulereyo. NetGuard sikupatsani MB olo imodzi. Ndi firewall, ntchito yake ndi ya mlonda wa pageti, kuona kuti app iti ituluke kupita pa intaneti ndipo iti ikhale mkati. Anaipanga ndi Marcel Bokhorst wa ku Netherlands, yemwenso anapanga FairEmail, inatuluka mu 2015 ndipo code yake ili poyera pa GitHub, wodziwa atha kukaiwerenga yekha. Kakiyi kaja kamabwera chifukwa Android salola app wamba kulamula ma app anzake pokhapokha foni ikhale ya root, kutanthauza yotsegulidwa maloko onse a mkati mwa Android, nde mkuluyu anadzera khomo la VPN, msewu womwe nthawi zambiri umadutsitsa data ya foni pa seva ina, lomwe Android ali nalo kuyambira pa Android 4.0, koma VPN yakeyo sipita kuseva ina iliyonse kunja, imathera mufoni momwemo. App yomwe mwaibuloka imakankhidwira mumsewu umenewo ndipo msewuwo sufika kulikonse, zonse zimakagwera kudzala. Yomwe mwailola imangodutsa njira yake ya masiku onse osalowa nkomwe mu VPN. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso kutsogoloku pomwe ndinadziwotcha ndekha.

Ine chomwe chinandifikitsa kumeneko ndi bandulo. Mukudziwa mmene zimawawira, wagula 1GB madzulo, wangoyankha timameseji, wagona, mmawa ukudzuka ndi meseji yakuti yatsala pang'ono kutha. Ndinkangotukwana netiweki tsiku ndi tsiku mpaka mwana wina wapakoleji yemwe amadzasindikiza ma assignment anandionetsa pa Settings pomwe pamaoneka data yomwe app iliyonse yadya, eeh manyazi anandigwira, akuba anali a mnyumba momwemo. Kagemu komwe mwana wanga anaika, app ya zanyengo yomwe sindinaitsegulepo chigulireni foni, ndi ina yosunga zithunzi yomwe imakweza chilichonse chomwe makasitomala anditumizira ine ndili mtulo. Android ali ndi Data Saver yake kuyambira pa Android 7 ndipo imathandiza ndithu, koma imangogwira zochitika kumbuyo, app ukangoitsegula imadya mmene ikufunira ndi zotsatsa zake zonse. Ine ndimafuna chinthu choti ndikati iwe ayi, ikhaledi ayi.

Ndipo pamenepo NetGuard ndi dolo. Ukaitsegula umangoona mndandanda wa ma app, iliyonse ili ndi tizizindikiro tiwiri kumanja, ka wifi ndi ka data ya mu SIM, ukadina kamasintha mtundu nkudulidwa mzere, basi yabulokedwa. Mu Settings muli poti usankhe kuti chilichonse chizikhala chobulokedwa pa data mpaka iwe uchilole, ndipo ine ndinachita zimenezo nkusiya WhatsApp, Chrome, imelo ndi app ya banki. Bandulo yomwe imatha masiku awiri inayamba kundifikitsa pafupifupi sabata. Ilibe zotsatsa, sikufunsa kuti upange akaunti, ndi yaying'ono, ndipo bandulo za WhatsApp zokha zija zimagwirabe ntchito bwinobwino ili yoyatsa chifukwa monga ndanena WhatsApp imatuluka njira yake yomweija. Mbali imeneyi ndilibe nayo chonena, ndi shasha.

Vuto lili apa. Mlonda ameneyu akabweza munthu pageti sabwera kudzakuuza kuti bwana ndabweza uje, ndiponso wobwezedwayo sanena kuti ndabwezedwa ndi alonda. App yobulokedwa imangozungulira, kenako nkulemba kuti palibe intaneti, yesaninso. Pamwamba timizere ta netiweki tili todzadza, 4G ikuoneka, nde kwathu kuno komwe netiweki imagwadi payokha, magetsi akazima nsanja zimavuta, bandulo imatha osatsanzika, ndani angaganize za ka app komwe anaika miyezi itatu yapitayo nkukaiwala? Umayamba ndi kuloza chala onse omwe unazolowera kuwaloza.

Nkhani ya amayi inayenda chonchi. Amakhala kumudzi ku Ntcheu, foni anawagulira ndi achemwali anga omwe ali ku Joni kuti azichezerana pa WhatsApp, ine gawo langa ndi kugula bandulo. Nde bandulo ya sabata imatha masiku atatu chifukwa adzukulu amaitenga foniyo usiku nkumaonera mavidiyo. Nditapita kumudzi ndinati lero ndithana nazo. Ndinaika NetGuard, nkubuloka zonse kusiya WhatsApp yokha. Koma YouTube, Chrome ndi Play Store sizimaoneka pamndandanda, chifukwa ma app obwera ndi foni NetGuard siimawakhudza mpaka utayatsa "Manage system apps" mu Advanced options, ndipo pano ndikuona kuti anabisa dala kuti anthu ngati ine tisafikeko msanga. Ndinayatsa, mndandanda unatalika ngati wa makuponi, ndinayamba kudula. Nditaona Google Play services ndinakumbukira kuti pa data usage imaoneka yadya ma MB ambirimbiri, ndinati iwenso ndiwe mbava, dulu. Ndinayesa, kutumiza meseji kuchoka pa foni yanga, inafika pompo chifukwa WhatsApp inali yotsegula mmanja mwanga. Ndinadya nsima ya amayi monyadira nkukwera minibasi.

Patatha masiku anayi achemwali akundiimbira kuchokera ku Joni, mawu ali okwera, achimwene foni ya amayi mwaichita chani, ndikaimba sikulira, mameseji akumakhala ndi kachongi kamodzi tsiku lonse nkudzafika usiku. Kumbali inayi amayi anali atayamba kale kudandaula kwa anthu kuti mwana wawo chipitireni kunja waiwala kwawo, saimbanso. Ndipo mkati mwa mameseji ochedwawo munali wina wofunika, wonena za ndalama yomwe achemwali anatumiza kuti amayi akatenge yogulira feteleza. Nditawaimbira pa foni wamba amayi sanandilonjere nkomwe bwinobwino, anangoti mwana wanga iwe, foniyi inali bwinobwino, wabwera ndi nzeru zako za mtauni waiononga, ngati ndalama ya bandulo ikukuwawa ungonena. Mawu amenewo anandilasa. Ndinati amayi pepani, si choncho, ndikonza, koma mumtima ndinali ndisakudziwa chomwe chalakwika chifukwa WhatsApp ndinailola ndi manja anga.

Chomwe sindimadziwa ndi chakuti pa mafoni a Android okhala ndi za Google, app ikagona kumbuyo siikhala ikumvetsera yokha. Pali chingwe chimodzi chomwe Google Play services imasunga chotsegula kupita ku ma seva a Google, pa ma port, timakomo ta manambala todutsira data, 5228 mpaka 5230, ndipo meseji ikabwera ya WhatsApp, ya imelo, ya banki, kagogodedwe koyamba kamadzera pamenepo, Play services nkudzutsa app yoyenera kuti dzuka kwabwera alendo. Dzina lake ndi Firebase Cloud Messaging. Nde ine ndinasiya WhatsApp ili ndi ufulu wotuluka koma ndinatsekera kunja mthenga woidzutsa. Mameseji amangolowa pomwe amayi atsegula WhatsApp okha, ndipo amayi satsegula ngati foni sinalire. Kukonza kwake ndi kudina kamodzi, koma kudina kumeneko kunatitengera pafupifupi ola lathunthu pa foni ndi mwana wa achimwene wa Fomu 2, ine ndikuti tsika mmunsi, iye akuti ankolo apa pali ma Google ambirimbiri, iti, mayunitsi akungotha. Ndalama yomwe ndinapulumutsa pa bandulo mwezi umenewo inathera pomwepo kkkk.

Nde ngati mungatenge chinthu chimodzi pa zonsezi, Google Play services musaibuloke pa foni yomwe mukufuna izilira. Mbale wake ndi Download Manager. Ma app ambiri sadawunilodi okha, amatuma ameneyu, nde ukamubuloka umapeza Play Store ikutseguka bwino, app ukuiona, ukudina Install, nkungoima pa Pending mpaka kalekale. Palinso ma app a system ena omwe amagawana nambala imodzi mkati mwa Android, yotchedwa UID, ndipo firewall imaona nambalayo osati dzina, kotero ukabuloka mmodzi anzake onse apita. Pansi pa app mumakhala batani loonetsa abale ake, ndi bwino kulidina usanadule. Zina zili ndi mayina oopsa ngati root ndi DNS daemon, zimenezo zisiyeni mmene mwazipezera, ine ndinaphunzira kungozidutsa ngati manda.

Koma yomwe inandipweteka kwambiri inali pa foni yanga yomwe, ndipo ndi imene ndimafunitsitsa kuti anthu aimve chifukwa imapha njira yoyamba yofufuzira vuto. Mwachizolowezi china chake chikakana kulowa pa intaneti, chinthu choyamba ndi kuzimitsa NetGuard ndi kaswichi kali pamwamba kumanzere, ngati chayamba kuyenda nde wadziwa kuti ndi malamulo ako omwe, ngati chikukanabe ukasake kwina. Zophweka. Tsono ine ndinamva kuti mu Settings za Android, pa VPN, muli "Always-on VPN" yomwe imathandiza kuti NetGuard iziyamba yokha foni ikazima nkuyakanso, ndipo zimenezo ndi zoona, ndi yabwino kuyatsa. Pansi pake pali kaswichi kena kolembedwa "Block connections without VPN". Ndinaona ngati ndi chitetezo choonjezera, ichi chakoma ichi chakoma, ndinayatsanso. Nkuika foni mthumba.

Madzulo ake foni inali itafa. WhatsApp zii, Chrome zii, imelo zii. Ndinazimitsa NetGuard monga mwa lamulo lija, palibe chinasintha, nde ndinati chabwino si iyeyu, nkuichotsa pamlandu. Ndinaona balansi ndi ma code a nyenyezi aja, inabwera bwinobwino kuti bandulo ilipo, koma sindinakhulupirire, ndinagula ina. Zii. Ndinachotsa SIM nkupukuta pa malaya nkubwezera, ndinabwezeretsa APN, ma setingi a intaneti a SIM aja, ndinayatsa ndi kuzimitsa ka ndege kaja kaya kangati, ndinafunsa aneba ngati neti yawo ikuyenda iwo nkundionetsa vidiyo ikusewera. Ndinagona ndikuganiza kuti mawa ndipita kwa okonza mafoni, mwina ka IC kapsa. Mmawa pa wifi ya pashopu inakananso ndipamene ndinayamba kukumbukira zomwe ndinagwira dzulo lake.

Mukukumbukira ndinati app yololedwa silowa mu VPN, imadutsa njira yake? Eya. Kaswichi kaja kamauza Android kuti chilichonse chosadzera mu VPN chiphedwe. Nde zobulokedwa zimagwera kudzala la NetGuard, zololedwa zimaphedwa ndi Android, palibe wotsala. Ndipo ukazimitsa NetGuard zimangoipiraipira chifukwa tsopano VPN palibe ndipo lamulo likuti popanda VPN palibe kutuluka. Woletsa sanalinso NetGuard, anali Android yemwe, potsatira zomwe ine ndinamuuza. Mwini wake wa app analemba kale chenjezo la kaswichi kameneka pa mafunso ndi mayankho ake, ine sindinawerenge, safunsa anadya phula. Ndipo zoti ma code a nyenyezi ndi ma SMS zimayenda zisakupusitseni, zimenezo sizidzera pa data, firewall siizigwira nkomwe. Kutumiza ndalama pa foni ndi ma code kumathekabe olo mutabuloka chilichonse, chomwe ndi chabwino, koma si umboni wakuti intaneti ili bwino.

Zina zinali zing'onozing'ono koma zobhowa. Pali poti uchonge kuti app iziloledwa pokhapokha sikirini ili yoyaka, nzeru yabwino kwambiri pa Facebook ndi anzake, ukaika foni pansi nawonso amagona. Ine ndinachonga pa imelo. Kasitomala akufuna ndimutumizire PDF yaikulu ya zikalata zomwe ndinamusikanira, ndadina Send, ndaika foni patebulo ndikuthandiza wina, sikirini yazima, fayilo yaima panjira, munthu akudikira uko akuganiza kuti ndikumunamiza. Pali setingi yochedwetsa kuti idikire mphindi zingapo sikirini itazima isanatseke, ndinaika 5, nkhani inatha.

Ya wifi ya mnyumba nayo inandidya tsiku. Ma app aja timatumizirana nyimbo ndi mafilimu popanda data, ine ndinaibuloka yanga pa wifi ndi pa data pomwe chifukwa cha zotsatsa, poganiza kuti poti siifuna intaneti palibe vuto. Mnzanga akufuna andiponyere mavidiyo aukwati, mafoni akuonana koma fayilo osayenda. Chimodzimodzi printa ya pashopu yomwe imalumikizidwa pa wifi, app yake inasiya kuipeza. Nkhani ndi yakuti ukabuloka app pa wifi, sikuti waitsekera intaneti yokha, waitsekeranso njira yolankhulira ndi zipangizo zomwe zili nayo pa wifi imodzi, ma adilesi oyamba ndi 192.168 aja. Mankhwala ake ali mu Network options, uyatse "Subnet routing" kaye, kenako "Allow LAN access" ndi "Allow tethering". Ukatero zimakoma zedi, app yotumizira mafayilo imagwira ntchito yake koma kunja siituluka, zotsatsa ziii. Kungoti munthu wamba mawu akuti subnet routing angawadziwire kuti, pa foni yanga zonsezi zili mchingerezi cha anthu a ma netiweki, ndipo apa ndi pomwe ndimaona kuti app imeneyi inalembedwa ndi katswiri poganizira anthu omwe ali ndi chidwi chowerenga.

Alamu anga nawo ndinawaikira, iwo yawo inali ya hotspot. Pali setingi ya "Handle metered Wi-Fi networks" yomwe imati wifi ikakhala yochokera pa foni ya munthu wina kapena yolipira pa MB, izitengedwa ngati data ya mu SIM. Kwa ife ogwiritsa ntchito MiFi ndi hotspot imeneyi ndi golide, chifukwa foni ikangoona wifi imaganiza kuti yafika pa ukwati, ma update onse amayamba kudya. Ndinawayatsira koma sindinawauze. Nde iwo akalumikiza pa hotspot ya akazi awo YouTube imakana, akapita pa wifi ya kuntchito imayenda, anafika poganiza kuti achemwali anga awatsekera dala. Atabwera pashopu anangoti alamu, tachotsani mankhwala anu aja mufoni mwangamu. Sindinachotse, ndinawaonetsa pomwe pali swichi, pano amadzitama nayo kuntchito ngati anaitulukira okha.

App ya banki ndi nkhani ina. Ma app ena a ndalama akaona kuti pafoni pali VPN amakana kutseguka, saona kusiyana pakati pa VPN yeniyeni ndi yongothera mufoni. Yanga inayamba zimenezo nthawi yomwe ndinayatsa "Filter traffic", yomwe imapangitsa kuti ma app onse, ololedwa omwe, azidzera mkati mwa NetGuard kuti izitha kuona adilesi iliyonse. Ukatsegula app pamndandanda pali bokosi la "Apply rules and conditions", ukachotsa chongi pamenepo app imeneyo imasiyidwa kunja kwa zonse. Kwa ine zinatheka choncho. Zikakanika, kungozimitsa NetGuard kwa mphindi ziwiri, kulipira, nkuyatsanso, ndipo pali setingi yoti izidziyatsa yokha pakapita mphindi zomwe wasankha ngati unaizimitsira pa widget, kabatani kake koika pa sikirini yoyamba ya foni, chifukwa kuiwala nkosavuta ndipo ukaiwala ma app onse anjala aja amatuluka nthawi imodzi ngati mbuzi zotsekulidwa mkhola.

Tsopano za ndalama. Kubuloka ndi kulola ma app ndi kwaulere ndipo kwa anthu ambiri nkokwanira. Zolipira ndi monga log yonse ya zomwe zikutuluka, kubuloka adilesi imodziimodzi mkati mwa app, kukudziwitsa ukaika app yatsopano, kagirafu ka liwiro ndi mitundu ya maonekedwe. Ine ndinagula log nditatopa ndi kulota, ndipo ndinganene kuti ndi pomwe app imeneyi inasanduka chida chenicheni. Umaona mzere ndi mzere, nthawi, dzina la app, adilesi yomwe imafuna kupitako, port, ndiponso ngati yadutsa kapena yabwezedwa. Nde china chake chikakana, ndimatsegula log, ndimayesanso chinthucho, nkubwerera kudzaona yemwe wabwezedwa sekondi imeneyo. Kawirikawiri si app yomwe ukuiganizira. Tsiku lina app ina yofunsira ntchito imakana pa login pomwe ndinali nditailola, log inaonetsa kuti wobwezedwa ndi Chrome, kuteroko tsamba lolowera limatsegulidwa ndi Chrome mkati mwa app ija ndipo Chrome ndinali nditaitseka tsiku limenelo posunga data. Popanda log ndikanatha sabata. Pamafunika kudekha, mizere imathamanga ndipo yambiri ndi ya port 443 yokhayokha, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Chomwe ndimangodandaula nchakuti chida chofufuzira vuto ndi chomwe munthu watsopano amachifuna kwambiri sabata yoyamba, pomwe sanaganize nkomwe zolipira, ndipo kulipira pa Play Store kwathu kuno kumafuna khadi yomwe ambiri alibe. Komabe munthu anagwira ntchito zaka zonsezi osaika zotsatsa, adye chani.

Kodziwitsa za app yatsopano kaja musakaderere. Ngati munasankha kuti zonse zizikhala zobulokedwa, app iliyonse yomwe mwangoika kumene imabadwa yobulokedwa, ndipo mudzaiwala, ndikulonjeza. Ine ndinachotsapo app yabwinobwino nkuipatsa nyenyezi imodzi mumtima kuti ndi mbola, pomwe sinapatsidwe mpata olo wopuma.

Ofuna kubuloka zotsatsa adziwe kuti mtundu wa pa Play Store ulibe zimenezo chifukwa malamulo a Google salola, zili mu wa pa GitHub, momwe umadawunilodi hosts file, mndandanda wa mayina a ma seva otsatsa. Zimagwira, koma zili ndi minga yake. Kuyambira pa Android 9 mu 2018 muli Private DNS yomwe imabisa mafunso a mayina a mawebusayiti powadutsitsa pa port 853 m'malo mwa 53, nde ikakhala yoyatsa NetGuard siiona mayina, imangoona manambala, ndipo mndandanda uja sugwira ntchito, uyenera kuizimitsa. Ndipo ikayamba kugwira, maulalo ena abwinobwino amafa, monga zotsatira zoyambirira pa Google zolembedwa Sponsored zija, ukadina tsamba osatseguka chifukwa zimadzera pa seva yotsatsa yomwe ili pamndandanda. Ukadziwa umangotsika nkudina ulalo wamba. Ukapanda kudziwa, wayambanso kutukwana netiweki.

Pa batire sindinaone kusintha koti ndingadandaule. Koma musadabwe mukayatsa Filter traffic nkupeza pa data usage kuti NetGuard yadya ma MB mazanamazana, si iyo, ndi data ya ma app ena yomwe yadutsa mmanja mwake nde Android amalemba dzina la wonyamula. Vuto lenileni ndi la mafoni athu otchipawa omwe amapha ma app akumbuyo posunga batire. Ikaphedwa NetGuard kakiyi kamasowa mwakachetechete, geti lili pululu, bandulo ikupita. Muichotse pa battery optimisation, muilole auto start ngati foni yanu ili nazo, Data Saver isaigwire, ndipo mu Advanced options muli watchdog yomwe imayang'ana pakapita mphindi zingapo ngati ikadali moyo. Ine ndazolowera kungoponya diso pamwamba, kakiyi kalipo, bho.

China chomwe sichingasinthe, Android amalola VPN imodzi yokha pa nthawi. Ukayatsa ya kuntchito kapena ina iliyonse, NetGuard imagwa pompo. Amene VPN ndi ya tsiku ndi tsiku ayang'ane Rethink, yomwe ili ndi firewall komanso imatha kunyamula VPN ya mtundu wa WireGuard mkati mwake, kapena AFWall+ ngati foni ndi ya root chifukwa imeneyo siifuna khomo la VPN. Rethink ndinaiyesa masiku ochepa, ili ndi zambiri koma ine inandichulukira, ndinabwerera kwa mlonda wanga wakale yemwe ndimadziwa makhalidwe ake.

Nde kodi ndiyoyenera? Kwa munthu yemwe foni ndi yake, amatha kulowa mu Settings osachita mantha ndipo angakumbukire kuti anaika mlonda, ndikuti ikani lero, pa nyenyezi 5 ndikupatsa 4. Muyambe pang'onopang'ono, masiku oyamba musakhudze za system, bulokani magemu ndi ma app odziwika kuti ndi adyera, mukasintha chinthu sinthani chimodzi nkuyesa sikirini itazima komanso app itatsekedwa, osati ili mmanja ngati mmene ndinachitira ine ku Ntcheu. Zikakhala bwino pangani export ya ma settings, imatulutsa kafayilo ka XML koti mukasokoneza mungobwezera. Palinso "Lockdown traffic" yomwe imatseka zonse kusiya ma app ochepa omwe munawasankhiratu, ine ndimaiyatsa bandulo ikatsala ma MB 50 ndipo ndikudikira meseji ya kasitomala.

Koma kuikira munthu wina yemwe ali kutali ndipo sangathe kuikonza yekha, ganizani kawiri. Pa foni ya amayi ndinakaichotsa ulendo wotsatira. Ndinangoyatsa Data Saver, nkuletsa Play Store kupanga ma update pa data, nkuzimitsa zoti WhatsApp izidawunilodi mavidiyo yokha, ndipo YouTube ndinaipanga disable amayi akuona, atavomera okha kuti saigwiritsa ntchito. Adzukulu anandikwiyira sabata yonse. Bandulo ikumafika masiku 6, foni ikulira, ndipo amayi akandiona ndagwira foni yawo amatambasula dzanja kuti bweretsa kuno.